Orton Ching'oli Chirwa, Loya Woyamba wa Dziko Lathu

M'buku ili la cikumbutso taciyesa cabwino kulembamo mbiri ya munthu mmodzi amene sanali wa kuno kwa Mkhumba, koma nchito yace inatikhudza ife tonse. Ana athu angomva dzina lace, osadziwa cimene anafera. Ife tidziwa mwambo wa pabwalo, kuti mfumu siigamula mlandu isanamve mbali zonse ziwiri, ndi kuti woimbidwa mlandu sakhala yekha, koma nkhoswe yace imlankhulira. Munthu ameneyu anali nkhoswe ya ambiri, koma pa tsiku la mlandu wace anamkaniza nkhoswe.

Bambo Chirwa anabadwa pa 30 January 1919 m'dziko la Atonga, ku boma la Nkhata Bay. Pokhala mnyamata wakhama anakafika ku sukulu yaikulu ya Fort Hare ku South Africa, ndipo atabwerako anaphunzitsa aphunzitsi ku Domasi. M'caka ca 1951 anakwatira Vera Chibambo, amenenso pambuyo pace anaphunzira za malamulo. Masiku amenewo oweruza a Boma ndi maloya onse anali alendo, ndipo munthu wakuda polowa m'khoti anali ngati nkhuku yacilendo. Cifukwa cace Bambo Chirwa anaoloka nyanja kunka ku London, naphunzira ku Lincoln's Inn, nalandira uloya m'caka ca 1958. Iwo ndiwo anali oyamba mwa ana a Nyasaland kufika pamenepo.

Pobwera kwao anapeza dziko liri pa moto cifukwa ca citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Armitage analetsa Congress, namanga Dr. Banda ndi anthu ena mazanamazana. Bambo Chirwa nawonso anamangidwa. Atamasulidwa sanakhale cete, koma pa 30 September caka comweco anayambitsa Malawi Congress Party, nakhala mtsogoleri wace. Tsono pamene Dr. Banda anaturuka m'ndende ya Gwelo pa 1 April 1960, Bambo Chirwa anawapatsa mpandowo mosakangana. Kawirikawiri munthu akalawa ufumu saufuna kuusiya, koma iwo anausiya.

Pa cisankho ca 1961 analowa m'Nyumba ya Malamulo, napatsidwa nchito yoyang'anira za makhoti, ndipo pofika ufulu wa 1964 anali Nduna ya Cilungamo ndi mkulu wa maloya a Boma. Koma cikondwerero sicinakhalitse. Nduna zinatsutsana ndi Dr. Banda pa zinthu zingapo, monga tiki imene odwala anayenera kulipira ku cipatala, kucedwa kupatsa anthu akuda nchito zazikulu za Boma, ndi cizolowezi ca munthu mmodzi kugamula zonse yekha. M'mwezi wa September 1964 Bambo Chirwa anacotsedwa pamodzi ndi Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo, ndipo anathawira ku Tanzania, kumene anakhala zaka 17.

Iwo ali kunja, m'caka ca 1969 Boma linapatsa mabwalo ochedwa Traditional Courts mphamvu ya kuzenga milandu ya imfa. Pa mabwalo amenewo panakhala mafumu, koma loya sanaloledwa kuimira munthu. Dzina linali la makolo, koma macitidwe sanali a makolo ai.

Pa 24 December 1981 Bambo Chirwa, akazi ao ndi mwana wao anagwidwa. Iwo ananena kuti anawaba ali m'Zambia, ca ku Chipata. Boma linanena kuti analowa okha m'Malawi. Anawazenga mlandu wa kuukira Boma ku Blantyre, pa bwalo lomwe lija losalola loya, ndipo mboni zimene anazipempha sizinaitanidwa. M'mwezi wa May 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe. Maiko ambiri anadandaula, ndipo m'caka ca 1984 cilangoco cinasanduka ndende ya moyo wonse.

Anawatsekera ku ndende ya Zomba, patsinde pa phiri lija tiliona tikaima m'cigwa cathu ca Phalombe, mwamuna kwa yekha ndi mkazi kwa yekha. Nthawi zina anawamanga ndi unyolo. M'mwezi wa September 1992 maloya a ku Mangalande analoledwa kuwaona, napeza nkhalamba yosamva bwino ndi yosapenya bwino. Ndipo pamenepo mpamene anaonana ndi akazi ao patapita zaka 8. Pa 20 October 1992 anamwalira m'ndende momwemo, ali ndi zaka 73.

Akulu amati mlandu suola. Mai Chirwa anamasulidwa m'mwezi wa January 1993, ndipo pa 14 June anthu anasankha kuti zipani zikhale zambiri. Pofika 1994 mabwalo aja anali ataleka nchito, ndipo malamulo atsopano analemba kuti woimbidwa mlandu ali yense ayenera kuloledwa loya ndi mboni zace. Inu ana a sukulu, mukadzakhala pa mpando wa kuweruza, kapena kumudzi kapena ku Boma, mudzakumbuke munthu ameneyu, ndipo musadzagamule mlandu wa mnzanu musanamumve.