Kurt Weill: wopeka nyimbo amene sanaone sewero lake likuuka

Pa 10 Malichi 1954, m'kanyumba ka zisudzo ka Theater de Lys mumzinda wa New York, momwe munali mipando yosakwana 300, anthu anaombera m'manja sewero loimba limene mzinda womwewo unalikana zaka 21 m'mbuyomo. Wopeka nyimbo zake, Kurt Weill, anali atamwalira zaka pafupifupi zinayi zapitazo.

Weill anabadwa pa 2 Malichi 1900 ku Dessau m'dziko la Germany. Bambo ake anali wotsogolera nyimbo m'sunagoge wa Ayuda, choncho mwanayo anakulira m'nyimbo. Anakaphunzira ku Berlin kwa katswiri Ferruccio Busoni, koma khutu lake linkakopekanso ndi nyimbo za jazz ndi za m'malo omwera mowa.

Mu 1928 iye ndi mlembi Bertolt Brecht anakonzanso sewero lakale la John Gay la mu 1728, n'kulitcha Die Dreigroschenoper, m'Chingelezi The Threepenny Opera. Nkhani yake imaseketsa koma imaluma. Macheath ndi mbava komanso wopha anthu, pomwe bwenzi lake lapamtima ndi mkulu wa apolisi a London. Peachum amalemera pobwereketsa nsanza kwa opemphapempha n'kumadula gawo pa zomwe apeza. Kumapeto, Macheath ali pafupi kunyongedwa, mthenga wa mfumukazi amafika ndi chikhululukiro, ulemu ndi ndalama za penshoni.

Usiku woyamba ku Berlin, pa 31 Ogasiti 1928, oonera anayamba ali duu, mpaka pamene Macheath ndi mkulu wa apolisi uja anaimba nyimbo yokumbukira usilikali wawo. Holo yonse inaphulika ndi m'manja. Dzina la mkazi wa Weill, Lotte Lenya, yemwe ankasewera Jenny, linaiwalika papepala la mayina a ochita sewero, koma kutchuka kwake kunayambira pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti anthu olemera omwe sewerolo linkawanyoza ndiwo ankadzaza mipando, n'kumatuluka akuimbira mluzu nyimbo zowatukwana.

Chipani cha Nazi chitatenga boma, Weill anathawira ku Paris mu Malichi 1933. Mwezi wotsatira sewerolo linaonetsedwa koyamba pa Broadway, koma linatsekedwa litaseweredwa maulendo 12 okha. Atafika ku America mu 1935, iye anaphunzira kukoma kwa khutu la Amerika ndipo anapambana ndi masewero monga Lady in the Dark la mu 1941. Lomaliza linali Lost in the Stars la mu 1949, lochokera m'buku la Alan Paton lonena za tsankho ku South Africa. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 3 Epulo 1950, ali ndi zaka 50, Amerika ambiri asakudziwa ntchito zake za ku Berlin.

Amene anaziukitsa ndi Lenya pamodzi ndi Marc Blitzstein, yemwe analemba mawu atsopano a Chingelezi. Mu 1954 Lenya, ali ndi zaka 55, anabwerera pa gawo lake la Jenny. Litaseweredwa maulendo 96, sewerolo linachotsedwa chifukwa nyumbayo inali italonjezedwa kale kwa ena, ngakhale anthu anali akulifunabe. Brooks Atkinson, wolemba za zisudzo mu New York Times, anayamba kumaliza ndemanga zake za masewero ena ndi pempho loti libwezedwe. Linabwereradi mu Seputembala 1955 ndipo linaseweredwa maulendo 2,611 mpaka mu Disembala 1961. Lenya analandira mphotho ya Tony mu 1956.

Nyimbo zinali zomwezo za mu 1933, koma oonera anali ena. Awa anali ataona nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo ankakhala m'masiku a Senator Joseph McCarthy, pamene munthu ankachotsedwa ntchito pongomuganizira kuti ndi wachikomyunizimu. Sewero lonena za apolisi odyera limodzi ndi mbava, ndi za mnzako wokupereka chifukwa cha ndalama, silinalinso lachilendo kwa iwo. Kuchepa kwa nyumbayo nakonso kunathandiza: opemphapempha a Peachum ankaimba pamaso penipeni pa woonera. Komabe sitingabise kuti Chingelezi cha Blitzstein chinafewetsako ukali wa mawu a Brecht, ndipo ambiri, monga a ku Berlin aja, ankadzera kukoma kwa nyimbo.

Nyimbo yotsegulira, Mack the Knife, yomwe imawerenga milandu ya Macheath, inatuluka m'nyumba ya zisudzo n'kukhala yovinira. Bobby Darin anafika nayo pa nambala 1 ku America mu 1959. Louis Armstrong anali ataijambula kale mu 1955, Lenya ali mu situdiyo momwemo, ndipo poimba analowetsa dzina la mayiyo pamndandanda wa akazi a Macheath.