Mbiri ya Sir Stewart Gore-Browne, Cipembere wa ku Shiwa Ng'andu

Pa 4 August m'caka ca 1967, m'cipatala ca ku Kasama, munamwalira mzungu wa zaka 84 amene dziko la Zambia linamulira ngati mwana wake. Munthuyo anali Sir Stewart Gore-Browne. Anawacitira maliro a boma, ndipo mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Kenneth Kaunda, analankhula pa mwambowo. Ulemu wotere unapita kwa munthu amene analowa m'dziko muno monga msilikali wa atsamunda.

A Gore-Browne anabadwira ku London pa 3 May, 1883, m'banja lolemera. Ataphunzira ku Harrow ndi ku sukulu ya asilikali ya Woolwich, anabwera kuno m'caka ca 1911 pamodzi ndi gulu lopima malire a Northern Rhodesia ndi Belgian Congo. Mu 1914 anafika pa nyanja yaing'ono ya Shiwa Ng'andu, pakati pa Mpika ndi Chinsali, m'dziko la Abemba. Malowo anawatenga mtima, ndipo anagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni awiri pa ekala. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawaitana ku Ulaya, kotero anabwerera ku Shiwa mu 1920.

Kumeneko anamanga nyumba yaikulu ya njerwa zoumbidwa pomwepo, kutsatira mamangidwe a kwao. Popeza njanji inali kutali kwambiri, anafuna malonda opepuka kunyamula koma a mtengo wapatali. Anasankha mafuta onunkhira. Mbeu zoyamba zimene anayesa zinakanika, koma mitengo ya mandimu ndi malalanje inabereka, ndipo pa nkhondo yaciwiri malondawo anabweretsa phindu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 matenda anaononga mitengoyo. Mu 1927 anakwatira a Lorna Goldman, nabereka ana aakazi awiri, koma ukwatiwo unatha mu 1950.

Anchito ao anawapatsa dzina lakuti Cipembere cifukwa ca ukali wao. Akapsa mtima anali kumenya anchito, ndipo zimenezi siziyenera kubisika. Koma munthu yemweyo anamanga cipatala ndi sukulu pa malo ao, ndipo anali kudyera pa tebulo limodzi ndi alendo akuda pa nthawi imene azungu ambiri anali kuona zotere ngati conyansa.

Mu 1935 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya Northern Rhodesia. Pa nthawiyo m'nyumbamo munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi, ndipo mu 1938 boma linawapatsa udindo wolankhulira anthu akuda. Anayenda m'maboma ndi kumigodi kukamva madandaulo a anthu. Anathandizanso a Harry Mwaanga Nkumbula kupeza mwai wokaphunzira ku Makerere. Mu 1945 mfumu ya ku Britain inawapatsa ulemu wa Sir.

Caka ca 1948 ndico cinayesa mbiri yao. Iwo anapempha kuti mphamvu zambiri zolamulira dziko zicoke ku London zipatsidwe kwa aphungu a m'nyumba ya malamulo. Anthu akuda anaona kuti zimenezi zidzaika dziko m'manja mwa azungu okhala kuno, ndipo anakwiya kuti amene anali kuwalankhulira sanayambe wawafunsa. M'caka comweco cipani ca Northern Rhodesia Congress cinabadwa, ndiponso a Henry Kasokolo ndi a Nelson Nalumango anakhala anthu akuda oyamba kulowa m'nyumbayo. Nthawi yakuti mzungu azilankhula m'malo mwa eni dziko inali itatha. A Gore-Browne anatula pansi udindo wao mu 1951.

M'malo mokwiya monga azungu ena ambiri, iwo anasintha maganizo. Anatsutsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cimene cinayamba mu 1953, ndipo pambuyo pake analowa cipani ca UNIP. Mu 1962 anaperekeza a Kaunda ku New York kukapempha ufulu wa dziko lino ku bungwe la United Nations. Pa masankho a caka comweco anaimira UNIP, koma analephera cifukwa azungu anzao anawamana mavoti. Ufulu unabwera pa 24 October, 1964, iwo akali moyo, ndipo mu 1966 a Kaunda anawapatsa nyota ya ulemu ya Order of Freedom.

Manda ao ali pa phiri loyang'ana nyanja ya Shiwa Ng'andu, m'cigawo ca Muchinga. Nyumba yao ikali ciimire ndipo imalandira alendo. Amene amafikako amapeza mbiri ya munthu amene anayamba ndi kulamula anthu akuda, kenaka nawalankhulira, ndipo pa ukalamba wake anavomera kutsogoleredwa ndi iwo.