Edgar Allan Poe, Mlembi Woopseza ndi Cholembera

Anzanga okonda nkhani za mizukwa pa buleki, taimani kaye apa. Ndikufuna ndikuuzeni za Edgar Allan Poe, mlembi wa ku America amene anamwalira kalekale koma nkhani zake zimachititsabe nthumanzi.

Poe anabadwa pa 19 January 1809 mumzinda wa Boston. Bambo ake anathawa banja, ndipo mayi ake anamwalira mu 1811 iye ali kamwana. Analeredwa ndi John Allan, wamalonda a fodya wa ku Richmond. Mu 1826 analowa yunivesite ya Virginia koma sanamalize chifukwa cha ngongole za juga. Mkazi wake Virginia anadwala chifuwa chachikulu zaka zisanu mpaka kumwalira mu 1847. Munthu woti imfa inkangomuzungulira chonchi, eti angalembe nkhani zoseketsa zokhazokha?

Chimene chimandisangalatsa ine ndi njira yake yoopsezera. Poe sathamanga ayi. Tengani nkhani yake ya 1843, The Tell-Tale Heart. Wofotokoza ndi wakupha yemweyo, ndipo amalimbikira kutiuza kuti si wamisala. Apo pokha mtima umayamba kugunda, chifukwa munthu wabwinobwino salumbira chotero. Akufuna kupha nkhalamba imene sinamulakwire kanthu, chabe chifukwa diso lake limaoneka ngati la muimba. Masiku asanu ndi awiri, pakati pa usiku, amatsegula chitseko pang'onopang'ono, ola lathunthu kungolowetsa mutu basi. Iwe wowerenga ukudziwa kale zimene zikubwera, nkhalamba ija sikudziwa. Kudikira kumeneko ndiye kumapweteka, ngati mmene amayi amakhalira pagombe pano pa Nkhudzi mwera ukauka asodzi ali pakati pa nyanja.

Usiku wachisanu ndi chitatu amaipha n'kubisa mtembo pansi pa matabwa a m'chipinda. Apolisi atatu afika, iye awalandira mosekerera, mpaka kuika mpando wake pamwamba penipeni pa mtembowo. Kenaka ayamba kumva kugunda, ngati wotchi yokutidwa mu thonje. Kukulirakulira. Apolisi akungocheza, iye thukuta kamukamu, mpaka aulula yekha. Palibe mzukwa ngakhale umodzi m'nkhani yonseyi, ndi phokoso chabe. Zimandikumbutsa nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, momwe kambalame kamaimba osaleka kuulula wopha m'bale wake. Agogo athu njira imeneyi ankaidziwa ndithu.

Poe ankakhulupirira kuti nkhani yaifupi izitheka kuwerengedwa nthawi imodzi osadzuka pampando, ndipo chiganizo chilichonse chizikokera ku chinthu chimodzi chimene mlembi akufuna kuti wowerenga amve. Pamenepa ndimagwirizana naye. Enafe tikamalemba kompozishoni timaponyamo afiti khumi m'ndime yoyamba, mapeto ake anthu amangoseka.

Ndakatulo yake The Raven ya 1845 inamutchukitsa kwambiri, koma umphawi sunamusiye. Pa 3 October 1849 anapezeka mumzinda wa Baltimore atasokonezeka mutu, atavala zovala zosakhala zake. Anamutengera kuchipatala komwe anamwalira pa 7 October ali ndi zaka 40. Mpaka lero akatswiri amatsutsanabe za chimene chinamupha.