JAMES NAISMITH, MWANA WAMASIYE AMENE ANAPATSA DZIKO MASEWERA

Ife ana a kuno ku Ncheu tidziwa phada ndi fulaye, ndipo palibe mnyamata woweta ng'ombe amene sanaponyeko cibonga kapena mwala. Ambiri ayesa kuti zimenezi nzacibwana cabe. Koma mbiri ya James Naismith itiphunzitsa kuti m'kuponya ndi kuwakha kwa ana mukhoza kuturuka cinthu cacikuru.

Naismith anabadwa pa 6 November, 1861, kufupi ndi mudzi wa Almonte m'dziko la Canada. M'caka ca 1870 atate ace ndi amace anamwalira onse awiri ndi nthenda ya tayifodi, ndipo iye analeredwa ndi agogo ace, pambuyo pace ndi amalume ace, Peter Young. Moyo unali wobvuta. Mnyamatayo anasiya sukulu kwa zaka zingapo nakagwira nchito yodula mitengo m'nkhalango. Koma anaona kuti popanda maphunziro sadzapita patali, motero anabwerera ku sukulu ali wamkuru kale, osacita manyazi kukhala pamodzi ndi ana. Anatsiriza maphunziro ace pa McGill University ku Montreal m'caka ca 1887, ndipo atatero anaphunziranso za ubusa kufikira 1890.

Ali mwana, iye ndi anzace ankakonda masewera ena a miyala. Ankaika mwala waung'ono pamwamba pa thanthwe, mmodzi naulondera, ndipo enawo ankaponya miyala yao kuti augwetse. Woponya anayenera kukatola mwala wace osagwidwa ndi mlonda uja. Tsono James anazindikira kuti wogenda mwamphamvu kawirikawiri amaphonya, mwala wace nugwera kutali, koma woponya mofatsa, mokweza m'mwamba, amalasa bwino. Nzeru imeneyi anaisunga mumtima.

Ngakhale anaphunzira ubusa, anasankha kuthandiza anyamata mwa njira ya masewera olimbitsa thupi, ndipo anapita ku sukulu ya Y.M.C.A. ku Springfield, m'dziko la America. Kumeneko nyengo yacisanu iri yoopsa, kotero kuti anthu sangathe kusewera pabwalo. M'mwezi wa December, 1891, mkuru wace, Dr. Luther Gulick, anampatsa kalasi la anyamata 18 amene anatopa ndi kukhala m'nyumba nasanduka osamvera, namlamula kuti pa masiku 14 apeze masewera atsopano ocitikira m'nyumba. Aphunzitsi ena anali atalephera kale ndi kalasi limeneli.

Naismith anaganiza motere. Anthu amapwetekana m'masewera cifukwa wina amathamanga ndi mpira, anzace namgwetsa. Cifukwa cace analamula kuti wogwira mpira asathamange nao, koma auponyere mnzace. Anaonanso kuti cigoli cikakhala pansi, anthu amaunjikana pamenepo ndi kumenya mpira mwaukali. Apa ndipo anakumbukira mwala wa pathanthwe uja, nakweza cigoli m'mwamba, kuti wocinya akhale woponya mwaluso, osati wamphamvu yekha ai. Anakhomera madengu awiri a mapicesi pa msinkhu wa mafiti 10, nalemba malamulo 13, nagawa anyamata aja 9 mbali iyi, 9 mbali inayo. Madenguwo anali osaboola, ndipo mpira ukalowa, munthu ankakwera kukaucotsa. Ici ndico ciyambi ca masewera a basketball.

Posacedwa masewerawa anaoloka nyanja kufika ku England, kumene akazi a pa koleji ya Martina Bergman-Österberg anawasintha kuti awakomere. Malamulo ao anasindikizidwa m'caka ca 1901, ndipo ndiwo masewera a netball, mpira wa manja umene asungwana athu amasewera pa masukulu a ku Lizulu, ku Gowa ndi ku Tsangano, umenenso wachukitsa Malawi Queens kunja. Lamulo lakuti wogwira mpira asathamange nao likalipobe mu netball.

Naismith sanaleke kuphunzira. M'caka ca 1898 anakhala dokotala wa mankhwala ku Denver, ndipo caka comweco anayamba kuphunzitsa pa University of Kansas. Ali nkhalamba, m'caka ca 1936, anapita ku Berlin kukaona maiko akupikisana pa masewera ace pa Olympic Games. Anamwalira pa 28 November, 1939, ku Lawrence, Kansas, ali ndi zaka 78.

Tsono anzanga, pakati pathu pali ena amene adzakhala aphunzitsi, ndipo tonse tiri ndi ang'ono athu kumudzi. Mwana akalasidwa kumaso ndi mpira wolimba tsiku loyamba, amauopa, ndipo mwina sabweranso pabwalo. Yambani ndi mpira wofewa wa nsanza, muime pafupi, muponye mofatsa ndi mokweza monga Naismith. Muuzeni ayang'ane mpira, atambasule manja onse awiri, ndipo pouwakha aukokere pacifuwa. Poponya ndi dzanja lamanja atsogoze phazi lamanzere. Akazolowera, bwererani m'mbuyo pang'ono pang'ono. Akaphonya musamseke, pakuti akuru anati m'mera mpoyamba.