Henry Taylor, Katswiri wa Kusambira

Anzanga ambiri pano pa sukulu timakonda kudandaula kuti tilibe zipangizo zabwino za masewera, ndipo inenso ndakhala mmodzi wa odandaulawo. Koma nditawerenga mbiri ya Henry Taylor ndinachita manyazi, tsono ndafuna kuti nanunso muimve.

Henry Taylor anabadwa pa 17 March 1885 ku Hollinwood, m'dera la Oldham, ku Mangalande. Makolo ake anamwalira iye akali wamng'ono, kotero analeredwa ndi mkulu wake Bill, amene pambuyo pake anakhalanso mphunzitsi wake wa kusambira. Atasinkhuka analowa ntchito m'fakitale ya thonje. Kusambira anaphunzirira m'ngalande ya Hollinwood, monga momwe ife timaphunzirira ku mtsinje kwathu. Ku dziwe losambiramo la ku Chadderton ankapitako masiku okhawo amene madzi anali atada, pakuti pamenepo mtengo wolowera unali wotsika.

M'chaka cha 1906 anapita ku masewera a ku Athens, napambana mpikisano wosambira mtunda wa mailo imodzi pa nyanja. Koma chaka chimene dzina lake linamveka ponseponse ndicho 1908, pa masewera a Olimpiki a ku London. Kumeneko anakumba dziwe la mamita 100 m'kati mwa bwalo la White City. Taylor anapambana pa mamita 400 ndi pa mamita 1,500, ndiponso pa mpikisano wolandizana wa anthu anayi. Mamita 1,500 aja anawatsiriza m'mphindi 22 ndi masekondi 48.4. Taganizani, anzanga, kupalasa madzi nthawi yonseyo osaponda pansi! Munthu wina wa ku Britain sanatengenso mamendulo atatu a golide pa Olimpiki imodzi kufikira 2008, pamene Chris Hoy, wopalasa njinga, anachita chimodzimodzi ku Beijing.

Taylor anapikisananso ku Stockholm mu 1912 ndi ku Antwerp mu 1920, ali ndi zaka 35, ndipo konseko gulu lake linakhala lachitatu pa mpikisano wolandizana. Pakati pa zaka zimenezi panagwa nkhondo yaikulu yoyamba, ndipo iye anatumikira m'gulu la asilikali a pamadzi.

Mathero ake ndiwo andimvetsa chisoni. Masiku amenewo opikisana pa Olimpiki sankalandira malipiro. Anayesa malonda a mowa ku Dobcross, koma sanapindule nawo. Potsiriza analembedwa ntchito yosamalira dziwe lomwe lija la ku Chadderton, kumene ankalowa movutikira ali mnyamata. Chifukwa cha umphawi anagulitsa mphoto zake zambiri, namwalira wosauka pa 28 February 1951, ali ndi zaka 65. Ulemu unam'peza ali kale m'manda, pakuti mu 1969 dzina lake linalembedwa pamodzi ndi akatswiri a kusambira a dziko lonse lapansi.

Ine ndatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, kusowa sikuletsa munthu wakhama. Madzi akuda omwewo ndiwo anatulutsa katswiri. Chachiwiri, mphamvu za thupi zimatha, ndipo oomba m'manja amaiwala msanga. Chifukwa chake tithamange ndi kusambira ndi mtima wonse, koma mabuku athu tisawataye. Ndipo tikadzakula, tidzakumbukire kusamala iwo amene anakweza dzina la dziko lathu akali ndi moyo.