Macbeth weniweni sanaphe mlendo m'tulo

Anzanga a kalabu yathu kuno ku Nzama, makamaka inu a Fomu 4 amene mukulimbana ndi sewero la Macbeth, kodi mukudziwa kuti munthuyu analikodi? Ine ndinalemba mayeso ndikumuyesa wongopeka.

Macbeth anabadwa cha m'ma 1005 ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Bambo ake ankalamulira dera la Moray, ndipo anaphedwa ndi abale awo omwe mu 1020. Mu 1032 Macbeth analowa ufumu wa deralo n'kukwatira Gruoch, mkazi wamasiye wa msuweni wake. Ameneyo ndiye Lady Macbeth wathu uja.

Tsono apa mvetsetsani. M'sewero, Duncan ndi gogo wachifatso amene akuyamikira nyumba ya Macbeth pamene ife owonera tikudziwa kuti mpeni ukumudikira momwemo. Paja aphunzitsi amati imeneyo ndi dramatic irony. Koma Duncan weniweni sanali nkhalamba ayi. Mu 1040 anatsogolera asilikali kulowa m'dera la Macbeth, n'kufera kunkhondo pafupi ndi Elgin. Za kuphedwa m'tulo kunalibe.

Macbeth analamulira Scotland zaka 17. Mu 1050 anapita ku Roma ulendo wachipembedzo, kumene anagawira amphawi ndalama. Inu mukuganiza bwanji, mfumu yosowa tulo ndi mantha ingasiye mpando n'kupita kutali choncho? Mu 1054 anagonja pankhondo ndi Siward, koma anakhalabe moyo mpaka 1057, pamene gulu la Malcolm, mwana wa Duncan, linamupha ku Lumphanan.

Nanga Shakespeare anamudetseranji? Analemba seweroli cha m'ma 1606, mfumu ya England ili James, wochokera ku Scotland, amene banja lake linkati ndi zidzukulu za Banquo. Buku la Holinshed limene Shakespeare anatapamo nkhaniyi limati Banquo anali nawo pachiwembu, koma iye anamuyeretsa. Mwaona kuchenjera kwake?

Chinanso, sewero la tragedy limafuna munthu wamkulu amene akudzikumbira yekha dzenje. Ndiye anamupatsa tragic flaw, dyera la ufumu lija, ndi ma soliloquy, pamene Macbeth akuyankhula yekha ife n'kumamva chikumbumtima chikumudya. Kunena zoona, ine pamenepo ndi pomwe pamandikoma, ngakhale ndimamumvera chisoni mwini dzina.

Koma chonde, pamayeso musakalembe za Elgin kapena za ku Roma. Wochonga akufuna Macbeth wa m'buku. Winayu tidzakambirane Loweruka ku kalabu.