HARRY KAMBWIRI MATECHETA: MYAO AMENE ANAPITA KWA ANGONI

Ŵerengani: Aefeso 2:11-18

Cholinga: Ana aphunzire kusasala munthu chifukwa cha mtundu wake.

Nkhani: Harry Kambwiri Matecheta anali Myao wa ku Nguludi, m'chigawo cha kummwera. Pamene iye anali mnyamata, Angoni ankaoloka mtsinje wa Shire kudzathira nkhondo midzi ya kumeneko. Ankalanda chakudya, natenga anthu ukapolo. Motero Ayao ankaopa Angoni kwambiri.

M'chaka cha 1884 Harry anamva Uthenga Wabwino kwa mlaliki Joseph Bismarck. Analoŵa sukulu ya pa mishoni ya Blantyre, ndipo anabatizidwa mu 1889. Mbusa David Clement Scott, amene ankakhulupirira kuti Mpingo wa kuno udzatsogozedwa ndi eni dziko, anamsankha kukhala mmodzi wa atumiki ake.

Mu 1893 mishoni inamtuma ku Panthumbi, m'boma la Ntcheu, pakati pa Angoni omwe aja. Sinali ntchito yapafupi. Mu 1896 asilikali a boma la Azungu anapha Inkosi Gomani, ndipo m'dzikomo munali mantha ndi mkwiyo. Koma Harry sanaileke ntchitoyo. Anaphunzitsa ana a Angoni kuŵerenga, nalalikira kwa makolo awo zaka zoposa 40. Dzina lake limakumbukika makamaka ku Bemvu.

Mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa, nakhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre. Mu 1951 linatuluka buku lake lofotokoza chiyambi cha mishoniyo. Anamwalira mu 1962.

Kwa aphunzitsi: Musathamangire zaka ndi maina. Imani pa chaka cha 1893, ana aone kuti munthuyu anatumidwa kwa anthu amene abale ake ankaŵathaŵa. Muno mu Mgona, Mchewa, Myao, Mlomwe, Mtumbuka ndi Mngoni amatunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo ana amamva mau onyozana kwa akulu. Mwina ena mwa ana anu anyozedwapo sabata yomwe ino.

Mafunso:
1. Chifukwa ninji Ayao ankaopa Angoni?
2. Kodi Harry akadakana kupita, ndani akadamdzudzula?
3. Mungamchitire chiyani mnzanu amene ena akumseka chifukwa cha chilankhulo chake?